Umitsani kaye, kudzitama pambuyo

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Mnyamata wina wa mu labu mwathu walowa m'mawa akumwetulira, laputopu m'manja, ati electrolyte yolimba imene wapanga ikudutsitsa lithium kuposa ya wina aliyense. Ndamufunsa kuti waumitsa maola angati. Ati anayi. Anayi basi! Nditakagwira kachikopa kakeko ndi kopanira, kakumata ngati chingamu, kakusiya chinyezi pagalasi. Ndiye munthu n'kumati chimenechi n'cholimba?

Kwa inu amene simuli pa ntchitoyi: batire la m'foni mwanu lili ndi madzimadzi mkati, m'mene lithium imadutsa kuchoka mbali ina kupita ina. Madzimadziwo ndi amene amayaka batire likaphulika. Ife tikufuna kuwachotsa n'kuikapo kachikopa kouma, kopyapyala ngati pepala, kamene timati electrolyte yolimba. Timasungunula pulasitiki ya PVDF mu mankhwala amadzimadzi otchedwa DMF, kuthiramo mchere wa LiTFSI ndi ufa wa LLZO, kutakasa usiku wonse, kuyala pagalasi, kenako kuumitsa mu uvuni wopopa mpweya. Ntchito yonse yagona pa kuumitsapo. DMF imawira pa madigiri 153, komanso imakakamira lithium ngati nkhupakupa pa ng'ombe. Sichoka chifukwa choti iwe uli pachangu. Ikatsalira, lithium imangosambira m'madzi omwewo, makina n'kukupatsa nambala yokongola. Nambala imeneyo si ya kachikopa kako. Ndi ya madzi.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chonyowa n'chonyowa, abale. Kaya uchipatse dzina lalitali bwanji, kaya ujambule magirafu amitundumitundu, ngati muli DMF wapanga batire lamadzi lomwe lija tikuthawa. Sizikusiyana ndi munthu wogulitsa chimanga chosauma: pasikelo chilemera ndithu, koma wogula akachiika m'thumba chimachita nkhungu. Yemwe adzawerenge zotsatira zako n'kuyesa kuzibwereza ndiye wagula nkhunguyo, ataya miyezi ndi mankhwala odula kufunafuna nambala imene kulibe.

Ati akuluakulu akufuna zotsatira msanga. Ndamva, tonse tikupanikizika. Koma kuyeza sikuvuta: dulako kachidutswa, kaike mu TGA, makina oyeza kulemera kwa chinthu chikamatenthedwa, katenthe pang'onopang'ono uone kulemera kumene kakuchoka. Ntchito ya masana amodzi. Ukaopa kuyeza ndiye kuti ukudziwa kale chimene upeze.

Chikundiwawa n'choti ntchitoyi anthu aivutikira kuyambira kalekale. Peter Wright ku Sheffield anaona mu 1973 kuti pulasitiki ya PEO yosakaniza ndi mchere imadutsitsa ma ion, tizinthu ting'onoting'ono tonyamula mphamvu ya magetsi. Michel Armand anati tiigwiritse ntchito m'mabatire mu 1978. LLZO inatulukira mu 2007 ku Kiel, m'gulu la Werner Weppner. Mpaka lero PEO imafuna kutenthetsedwa kufika madigiri 60 kapena kuposa kuti igwire ntchito bwino, n'chifukwa chake mabatire a Blue Solutions a ku France amayenda ali otentha. Zaka zoposa 50 anthu anzeru akulimbana nalo vuto lomweli, ndiye iwe walithetsa ndi maola anayi a mu uvuni? Ayi. Sunaumitse. Bwerera ukaumitse tsiku lathunthu, uyezenso, nambala ikatsika ulembe yotsikayo. Yotsikayo ndiye yako.

Ndipo poti ndayamba kale, amene mumasiya botolo la LLZO patebulo losatseka, mukutipweteka. Ufa umenewu ukakumana ndi chinyezi ndi mpweya umamera lithium carbonate pamwamba, lithium n'kumalephera kudutsa. Sabata yatha ndinapeza chivindikiro chili apo, botolo lili apo, supuni ili momwemo. Ufa wa tonse, theka la botolo, ndakhala masiku awiri ndikuuwotchanso mu ng'anjo.