Jakisoni wakulera satchinga chindoko, ana inu

Anyamata ndi atsikana inu, tamverani kuno. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nchifukwa chake sindikhala chete.

Chikundiwawa nchakuti mantha anu onse ali pa mimba. Mtsikana akangobayitsa jakisoni wa miyezi 3, kapena akaikitsa kolera kapamkono kaja, basi kondomu yatayidwa, ati tatetezeka. Mwatetezeka ku chiyani? Mapilitsi, jakisoni, kapamkono ndi lupu ntchito yake ndi kuletsa mimba, palibenso china. Chindoko, chinzonono ndi HIV sizifunsa kuti munabayitsa liti. Pa njira zonse zakulera, kondomu yokha ndiyo imatchinga mimba ndi matenda omwe.

Ndiye mumvekere, "Uyu ndimamudziwa, ngwathanzi." Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere! Chlamydia, matenda ena opatsirana pogonana, amakhala mwa munthu osamva kuwawa paliponse, makamaka mwa atsikana, uku akuwononga njira za mazira mwakachetechete. Mudzazindikira muli pabanja, mwana osabwera, nkuyamba kuloza zala azakhali osalakwa. Chindoko ndiye chochenjera: kachilonda kake sikapweteka, kamapola kokha, inu nkumati ndachira, pomwe matenda alowa m'magazi. Chikhoza kufika kuubongo, ndiponso mayi amapatsira mwana ali m'mimba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti tsiku lililonse anthu oposa 1 miliyoni padziko lapansi amatenga matenda opatsirana pogonana amene ali ochizika.

Zoti koyamba munthu satenga mimba, zoti ukasamba msangamsanga zimachoka, ndi bodza la anzanu omwe sadziwa kanthu. Kuthira pambali nakonso musakudalire.

Inu anyamata, manyazi okatenga kondomu muli nawo, koma ovula pamaso pa mwana wa eni mulibe? Ndipo mukaipeza, onani deti. Musavale ziwiri nthawi imodzi, zimakhulana nkung'ambika. Musaipake Vaseline kapena mafuta odzola, amaifooketsa.

Makolo anzanga, nafenso tisadziyeretse. Timati nkhaniyi njolaula, mwana nkukaphunzira pafoni. Mtsikana wa zaka 9 mpaka 14 mupititseni akalandire katemera wa HPV, yemwe amateteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Sikumutuma chiwerewere kumeneko.

Kudziletsa ndiye ndimakufunirani, ndipo sikunaphepo munthu. Thupi losakhwima likatenga mimba, pobereka pamavuta, ena amatsala ndi fistula, vuto lomangodontha mkodzo kapena chimbudzi. Koma ngati zachitika, kondomu yaphulika kapena wina wakugwirirani, musadikire kuti muone mwezi. Mapilitsi olera a pangozi amagwira bwino mukamwa msanga, asanathe maola 72. PEP, mankhwala oteteza ku HIV, nayo iyambike asanathe maola 72, ndipo imamwedwa masiku 28 osadumphitsa.

Mukaona mafinya, zilonda kapena kutentha pokodza, lekani kugawana makapisozi ndi anzanu. Kumwa mankhwala mwachidule ndi kumene kukuchititsa kuti chinzonono chiyambe kusamva mankhwala. Pitani kuchipatala, mutengane ndi mnzanuyo, chifukwa mukachira nokha adzakupatsaninso.