Lekani kutukwana ana a eni chifukwa cha juga yanu

Usiku wa Loweruka pa 13 Seputembala 2025 tinasonkhana kunyumba kwa mnzathu wina kuno ku South Bend, m'boma la Indiana ku America, kuti tionere limodzi pa kanema masewero a mpira wa ku America (American football) wa m'makoleji, a timu yathu ya yunivesite ya Notre Dame ndi Texas A&M. Mayi a pakhomopo anali ataphika nsima ndi nkhuku, ndipo ine ndinapita mtima uli mbee, pakuti kukumana kotere ndi kumene kumatichotsa kusungulumwa ife amene tili kutali ndi kwathu. Masewerowo anatha 41 kwa 40, alendowo atagoletsa kutangotsala masekondi ochepa, ndipo kugonjako kunatipweteka tonse amene tinali m'chipindamo. Komabe chimene chandisowetsa tulo kuyambira usiku umenewo ndi zimene ndinaona anthu akuluakulu akuchita masewero atangotha.

Bambo wina wandevu zake, wa ana atatu, amene ndimamulemekeza ndipo timapemphera naye limodzi, anatulutsa foni m'thumba, nafufuza pa Instagram dzina la mnyamata wina wotchinga kumbuyo, nayamba kumulembera uthenga. Ine ndinakhala naye mpando umodzi, choncho ndinaona zonse, ngakhale zala zake zimene zinkanjenjemera ndi ukali mpaka kumaphonya zilembo. Mawu amene analembawo sindingawabwereze pano. Anatukwana mnyamatayo, anatukwana mayi amene anamubereka, kenaka anamaliza ndi kumufunira kuti athyoke mwendo asadzaonekenso pabwalo. Nditamugwira dzanja ndi kumufunsa kuti, “Achimwene, kodi mwana ameneyu wakulakwirani chiyani?” iye anandiyankha osandiyang'ana n'komwe kuti, “Madala, inu simukudziwa, ameneyu wandidyera madola 300.” Anzake anaseka, ndipo awiri mwa iwo anatulutsanso mafoni awo. Nthawi yonseyi mwana wa pakhomopo, wazaka ngati khumi, anali atakhala pansi pafupi ndi kanema atavala malaya a timuyi, mbale ya nsima ili pamiyendo, maso ali pa akuluakuluwo.

Wakudyerani ndalama? Kodi mnyamatayo anafika pakhomo panu n'kutsegula chikwama chanu? Kodi ndi iye amene anakuikirani pulogalamu yobetchera m'foni? Kodi ndi iye amene anakuuzani kuti mutenge ndalama zimene mwakhetsera thukuta usiku wonse mukusamalira okalamba, kapena mutaima chiimire m'mafakitale a ku Elkhart, n'kuziika pa miyendo ya mwana amene simunalankhulepo naye? Chiyambire pamene boma la Indiana linaloleza kubetcha pa masewera mu 2019, kutsatira chigamulo cha khoti lalikulu la dziko lino cha mu 2018, ndaona anthu amene tinkaonera nawo mpira mwamtendere akusanduka zilombo. Kale timu ikagonja tinkadandaula, n'kutsutsana pang'ono za mphunzitsi, n'kumwa tiyi, aliyense n'kupita kwawo. Lero munthu akuonera masewero maso ali pa foni, sakusamala ngakhale za timu imene amati amaikonda, akungowerengera kuti wakutiwakuti athamange mayadi angati kuti iye apate kangachepe.

Ndipo inu nomwe mukudziwa bwino lomwe kuti timu ya chaka chino cha 2025 ikumangidwa mwatsopano. Riley Leonard, amene anali quarterback (wosewera woponya mpira ndi kutsogolera timu pokagoletsa) mu 2024, anapita ku Indianapolis Colts, timu ya mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri. Xavier Watts ndi Benjamin Morrison, amene ankatchinga kumbuyo, nawonso anapita ku NFL. Al Golden, amene ankaphunzitsa otchinga, anapita ku Cincinnati Bengals, ndipo amene analowa m'malo mwake wabwera ndi kachitidwe kake kamene anyamata akuyenera kukaphunzira. Udindo wa quarterback wagwera CJ Carr, mnyamata amene chaka chino chisanafike anali asanayambepo masewero aliwonse a ku koleji, ndipo masewero ake oyamba anakawasewerera kwa eni ake ku Miami, kumene tinagonja 27 kwa 24. Masewero awiri tagonja ndi mapointi anayi okha tikaphatikiza, ndi matimu amphamvu onse awiri, ndiye inu mukufuula kuti anyamatawa ndi zinyalala? Kodi munkayembekezera chiyani? Kodi mpira wa ku koleji mwayamba kuuonera dzulo, kuti musadziwe kuti wosewera amakhala ndi zaka zinayi zokha zosewera, ndipo amene wakhwima amachoka ngakhale atangotha zitatu? Chaka chilichonse akatswiri amatuluka pakhomo lina, ana n'kulowa pakhomo lina, ndipo palibe mphunzitsi amene angasinthe zimenezi.

Taganizirani za mwana amene mukumutukwanayo. Chaka chimodzi kapena ziwiri zapitazo ankasewera Lachisanu madzulo pabwalo la sukulu ya sekondale, makolo ake ali chapafupi, mphunzitsi wake akumuitana ndi dzina la kunyumba. Lero waima pakati pa anthu oposa 77,000, dziko lonse likumuonera pa kanema, akulimbana ndi mwamuna amene wamuposa zaka zitatu kapena zinayi ndiponso thupi, ndipo ali ndi kamphindi kakang'ono kuti aganize ngati atsatire munthu uyu kapena uyo. Akalakwitsa phazi limodzi, chithunzi chake chimaonetsedwa kanayi kapena kasanu, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Lolemba m'mawa ali m'kalasi ngati wophunzira wina aliyense, mayeso akumudikira, thupi lonse likuphwanya. Kodi inu pa msinkhu umenewo munkadziwa chiyani? Tsiku loyamba pa ntchito imene mukugwirayo, simunalakwitse? Pamene munafika m'dziko lino, osadziwa ngakhale kuyendetsa galimoto pa chipale chofewa, anthu anakutukwanirani amayi anu, kapena anakugwirani dzanja n'kukuonetsani njira?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mumaiwala msanga. Mphunzitsi wakale wa timuyi Lou Holtz, amene mumamutchula monyadira ngati kuti munali naye, chaka chake choyamba mu 1986 anapambana masewero asanu n'kugonja asanu ndi limodzi. Patangopita zaka ziwiri, mu 1988, anyamata amene anawalera aja anapambana masewero onse 12 n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse, umene mpaka lero ndi womaliza kubwera kuno. Mu 2016 timuyi inapambana anayi okha n'kugonja asanu ndi atatu, koma pofika 2018 inamaliza masewero a pa ndandanda osagonja ngakhale kamodzi. Mphunzitsi Marcus Freeman anayamba chaka chake choyamba mu 2022 ndi kugonja kwa Ohio State, kenaka kwa Marshall pabwalo lathu lomwe. Nanga mu 2024? Pamene Northern Illinois inatigonjetsa 16 kwa 14, ena mwa inu ndinakumvani ndi makutu angawa mukunena kuti mphunzitsiyu achotsedwe usiku womwewo ndipo osewera onse apakire. Anyamata omwewo anapambana masewero 13 otsatizana, anagonjetsa Indiana, Georgia ndi Penn State, n'kukafika pa ndime yomaliza ku Atlanta pa 20 Januwale 2025. Pa nthawiyo munagula zipewa zatsopano, munajambulitsa zithunzi, munatumiza kumudzi kuti timu yathu yafika patali. Kodi ndani mwa inu anabwerera pa uthenga wake wa Seputembala uja kukapepesa? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma inu mukufuna kukolola chimanga chimene chikadali kumera.

Ndamva kale yankho lanu lakuti anyamatawa amalandira ndalama, choncho ayenera kupirira. N'zoona kuti kuyambira mu 2021 amaloledwa kupindula ndi dzina ndi chithunzi chawo, ndipo kuyambira mu 2025 masukulu akuloledwa kuwalipira mwachindunji. Tsono malipiro ndi chilolezo chotukwanira mayi wa munthu? Inunso mumalandira malipiro kumene mukugwira ntchitoko. Mungavomere kuti mlendo akulembereni usiku kuti muthyoke mwendo chifukwa mwachedwa kumupatsa mankhwala? Ambiri mwa anawa dzina lawo silidziwika kupitirira bwalo, ndipo mwa osewera 100 aliwonse a ku koleji, amene amakafika ku NFL sakwana awiri. Otsalawo amatuluka ndi mawondo ong'ambika, mapewa osokedwa ndi mitu yogundidwa kosawerengeka, zonsezi kuti inu mukhale pa sofa Loweruka, mbale ili m'manja, mukusangalala. Kodi chimenechi ndicho chiyamiko chanu?

Musaganize kuti mauthenga anuwo amagwera m'madzi. Anawa amawawerenga, ali okha m'chipinda usiku, ndipo mawu oipa ochokera kwa anthu mazanamazana amaphwanya mtima wa mwana kuposa kugundidwa pabwalo. Nkhaniyi yakula mpaka mkulu wa bungwe la NCAA loyendetsa masewero a m'makoleji, Charlie Baker, anapempha maboma mu 2024 kuti aletse kubetcha pa zimene wosewera mmodzi wa ku koleji angachite m'masewero, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuzunzidwa kwa osewera. Mudzamulankhulitsa mwana wa mwini mawu amene sadzabwereranso, inu muli phee kunyumba kwanu. Komanso masiku ano wosewera sakhala womangika pa sukulu imodzi. Kuyambira mu 2021 akhoza kusamukira kwina n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo, osadikira chaka ngati kale. Mwana amene mukumunyoza lero akadzakhwima adzapita kumene akumulemekeza, adzabwera atavala malaya a adani kudzatigoletsa pabwalo lathu lomwe, ndipo inu nomwe ndi amene mudzayambe kulira kuti mphunzitsi sadziwa kusunga osewera.

Nanga za inu eni mwaziganizira? Uthenga umene mwatumiza uli ndi dzina lanu, chithunzi chanu, ndiponso zithunzi za akazi anu ndi ana anu. Kuopseza munthu m'dziko lino ndi mlandu, ndipo foni imene mukuyesa kuti yakubisani ndi imene idzakulozeni. Ena mwa inu muli pa mapepala a sukulu, ena mukudikira yankho la zikalata zanu, ena abwana anu ndi ochemerera timu yomweyi. Mukufuna kutaya zonse zimene mwavutikira zaka zonsezi chifukwa cha madola 300? Ndipo zikadzavuta sadzatchula dzina lanu lokha, adzati Amalawi a ku South Bend, ndipo manyaziwo adzagwera ngakhale amayi amene sanaonerepo mpirawu. Khalidwe lija logenda mabasi a osewera ndi kuthamangitsa oimbira tinalisiya kumabwalo a kwathu likutichititsa manyazi, ndiye mwalinyamula m'thumba n'kuwoloka nalo nyanja? Za ndalamazo sindifuna kunena zambiri. Lendi ikudikira, kumudzi akudikira fizi ndi feteleza, inu mukuzimwaza pa foni n'kumati mwana wa mwini ndiye wakuberani.

Ndibwerere kwa mwana uja anakhala pansi pafupi ndi kanema. Iyenso wayamba kusewera mpira umenewu kusukulu kwake, ndipo bambo ake anandiuza monyadira kuti amathamanga kwambiri. Anthu atayamba kubalalika ndinamupeza kukhitchini akuthandiza amayi ake kusonkhanitsa mbale, ndipo anandifunsa motsitsa mawu kuti, “Agogo, kodi ine ndikadzagwetsa mpira nawonso adzandilembera choncho?” Ndinasowa chomuyankha, pakuti amene ankamuopawo ndi anthu omwe amawatchula kuti ankolo, amene amamugulira mphatso pa Khirisimasi. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mnyamata amene munamutukwanayo ali ndi mayi amene tsiku limenelo anali ndi mantha kuti mwana wake asavulale, ngati mmene mayi a pakhomopo adzakhalire zaka zikubwerazi.

Loweruka likubwerali, pa 20 Seputembala 2025, tikusewera ndi Purdue, ndipo anyamata omwewa adzalakwitsanso kwinakwake, pakuti akadali kuphunzira. Ine ndidzabwera, ndidzakhala pampando womwewo. Amene adzatulutse foni kuti atukwane mwana wa mwini ndidzamutchula dzina pamaso pa mkazi wake ndi ana ake, ndipo sindidzatsitsa mawu. Ngati simungathe kugwira pakamwa panu ndi zala zanu, khalani kunyumba kwanu.