Chotsani ndale pabedi la munthu amene akutsirizika

Nkhani imene ndamva sabata ino yandisowetsa mtendere, ndipo sindingakhale chete. Bambo ena achikulire, khansa itawalowa mpaka m'mafupa, anagonekedwa m'chipatala. Madokotala atayesa zonse, mmodzi anaitana ana awo kuti akhale pansi. Anawauza mosabisa kuti mankhwala olimbana ndi khansayo asiya kugwira ntchito, chotsala n'kuchepetsa ululu ndi mofini, komanso kuwafunsa eni akewo ngati akufuna kukhalabe m'chipatala kapena kubwerera kunyumba. Mwana wawo wamwamuna, munthu wopita kusukulu ndithu, anadzuka n'kuyamba kukalipa. Akuti anaonera vidiyo ya wandale wina akunena kuti zipatala zikumaliza okalamba kuti boma lisawononge ndalama. Anatulutsa foni n'kujambula namwino kumaso, analetsa mofini, vidiyoyo n'kuiponya pa Facebook. Otsatira chipani china anaimwaza ponseponse, a chipani chinacho n'kuyankha ndi zotukwana. Pamene iwo ankalimbana choncho, bambo aja ankabuula usiku wonse atagwira chitsulo cha bedi, mwana wawo wamkazi akuwapukuta thukuta pamphumi. Anamwalira ndi ululu umene ukanatha kuletsedwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsa chimene iwo ankafuna.

Kodi tazingwa ndi chiyani, anthu inu? Munthu ali kayakaya, mpweya ukutuluka movutikira, inu mukuonapo mwayi wa kampeni? Wandale munamumvera pa foniyo anayamba wachezerapo usiku pambali pa wodwala khansa? Akukudziwa kulira kwa munthu amene chotupa chagwira msana? Iye walankhula, waomberedwa m'manja, wakagona tulo tabwino. Ululu watsalira bambo anu.

Bodzali si lachilendo. Mu 2009 ku America, boma la Barack Obama likukonza lamulo latsopano la zaumoyo, m'bilu ina munali ndime yoti Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, izilipira dokotala akakhala pansi ndi wodwala, kamodzi pa zaka zisanu, kukambirana zimene wodwalayo angafune akadzafika posatha kulankhula. Wofuna yekha, popanda womukakamiza. Pa 7 Ogasiti chaka chomwecho Sarah Palin, wandale wa chipani chotsutsa, analemba pa Facebook kuti kukubwera makomiti a imfa, oweruza amene ayenera kupatsidwa chithandizo ndi amene ayenera kusiyidwa, ndipo patapita masiku ochepa analoza ndime imeneyi ngati umboni wake. M'biluyo munalibe komiti yotero. A PolitiFact, atolankhani ofufuza ngati zonena za andale ndi zoona, anagamula kuti limeneli ndiye bodza lalikulu la chaka cha 2009. Koma zinathandiza chiyani? Anthu anali atakuwa kale m'misonkhano, aphungu anachita mantha, ndimeyo inatayidwa, ndipo lamulo linasainidwa mu Malichi 2010 lilibe ndime imeneyi. Medicare inadzayamba kulipira zokambiranazo mu Januwale 2016. M'zaka zonsezo ndi okalamba angati amene anatsirizikira pa makina amene sankawafuna, ana awo akukangana m'khonde la chipatala, chifukwa panalibe amene anawafunsa nthawi ikadalipo? Anapepesa ndani?

Nanga za Terri Schiavo mwaiwala? Mayiyu anakomoka mu 1990 ku Florida ali ndi zaka 26, mtima utaima, ubongo n'kuwonongeka. Kwa zaka 15 ankadyetsedwa kudzera m'chubu. Mwamuna wake ankati mkaziyo sakanafuna kukhala choncho, makolo ake ankati mwana wawo akadalipo ndipo akuwamva. Chisoni cha banja limenelo sindichinyoza ngakhale pang'ono, chifukwa amene anaberekapo akudziwa kuti kutaya mtima pa mwana si chinthu chapafupi. Chimene chimandipsetsa mtima ndi khamu la andale limene linathamangirapo. Mu 2003, chubu chitachotsedwa molamulidwa ndi khoti, bwanamkubwa wa Florida Jeb Bush anapatsidwa mphamvu ndi lamulo lopangidwira munthu mmodziyu kuti chubu chibwezeretsedwe, khoti lalikulu la Florida n'kudzalikana lamulolo mu 2004. Mu Malichi 2005 nyumba ya malamulo ya dziko lonse inakumana Lamulungu, Pulezidenti George W. Bush n'kuuluka kuchokera ku Texas kukasaina bilu yokhudza mayiyu pakati pa usiku. Senator Bill Frist, dokotala wa opaleshoni ya mtima, anaimirira m'nyumba ya malamulo kutsutsa zimene madokotala omupima mayiyo anapeza, iye atangoonera vidiyo. Dokotala wathunthu kupima wodwala pa vidiyo! Mayiyo anamwalira pa 31 Malichi 2005, ndipo atapima thupi lake anapeza ubongo utafota mpaka theka la kulemera kwake, masonso sankaona. Makamera anapakira n'kumapita. Banja linatsala logawikana, ndipo chiyambi cha mkangano wonsewo n'chakuti mayiyo sanasiye kalata iliyonse yonena zofuna zake.

Tsono tiyeni tifike pa ndalama, pamene onsewa amayamba kuyang'ana kumbali. Amene amakuwa kuti moyo ndi wopatulika, ikafika nthawi ya bajeti ndi omwewo amene amadula ndalama za okalamba, za olumala ndi za anamwino oyendera odwala kunyumba. Moyo wopatulikawo ausamalire ndani, ndi chiyani? Amene amakuwa za ufulu wosankha nawonso asadzione oyera. Ku Britain aphungu a House of Commons anavomereza mu Juni 2025, ndi mavoti 314 kwa 291, bilu yolola odwala otsala pang'ono kumwalira kuthandizidwa kufa. M'dziko lomwelo nyumba zosamalira odwala otere, ntchito imene Cicely Saunders anaiyambitsa ku St Christopher's mu London mu 1967, zimalandira kuboma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene zimafuna. Zotsalazo zimachokera kwa anthu akufuna kwabwino, m'mashopu a zovala zakale ndi m'mipikisano yothamanga, ndipo nyumba zina zatseka mabedi n'kuchotsa antchito. Ku Canada lamulo lolola odwala kuthandizidwa kufa linayamba mu 2016, mu 2021 linakulitsidwa kufikira anthu amene imfa yawo sili pafupi, ndipo mu 2020 ofesi yowerengera aphungu za bajeti inali itawerengeratu ndalama zimene zingapulumuke. Mu 2023 anthu oposa 15,000 anamwalira mwa njira imeneyi. Munthu wolumala amene akusowa pokhala ndi womusamalira, mukamuuza kuti chisamaliro adikire koma imfa ilipo, mwamupatsa ufulu kapena mwamukankha?

Ndiye musandimve molakwa. Mafunso enieni alipo, ndipo ndi olemera. N'chifukwa chake bodza lanulo ndi loipa kawiri. Mukamakuwa za makomiti a imfa amene kulibe, tsiku limene padzakhale chinthu choopsadi adzakumverani ndani? Mwatha mawu pokalipira namwino amene amafuna kuletsa ululu wa bambo anu, pamene nduna imene yadula ndalama za mankhwala ikuyenda mwaufulu, inu n'kumaiimbira nyimbo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 56.8 miliyoni amafunika chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a matenda osachiritsika, koma ochilandira ndi 14 okha pa anthu 100 aliwonse. Akatswiri amene magazini ya zachipatala ya Lancet inawasonkhanitsa anapeza mu 2017 kuti theka la anthu a padziko lapansi, la m'mayiko osauka, limalandira mofini wosakwana ndi gawo limodzi lomwe pa magawo 100, ndipo kuti madola 145 miliyoni pa chaka angakwanire kutseka mpata wa mofiniwo. Ndalama imeneyo mayiko ena amaimwaza pa zisankho osaimva n'komwe. Mu 2014 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti chisamaliro chimenechi chikhale mbali ya ntchito za umoyo za dziko lililonse. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 pa 100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo ambiri mpaka lero sanafikepo. Za zimenezi munatumizirapo mnzanu vidiyo? Munafunsapo phungu wanu? Munachitapo zionetsero chifukwa cha mayi amene akulira ndi khansa ya khomo la chiberekero popanda womuthandiza?

Ndipo amene anakunamizani kuti kuchepetsa ululu ndi kupha, anakuphunzitsani zakupha iyeyo. Mofini woperekedwa pa muyezo wake ndi anthu odziwa ntchito amamupatsa wodwala tulo, amamupatsa mphamvu yolankhula ndi ana ake, yopempherera, yotsanzika. Mu 2010 madokotala a ku Massachusetts General Hospital ku Boston anafalitsa zimene anapeza atatsatira odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira. Amene anayamba msanga kulandira chisamaliro chochepetsa ululu anavutika pang'ono, sanataye mtima ngati anzawo, ndipo anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 12 pamene enawo anakhala pafupifupi miyezi 9. Kupha kwake kuli pati pamenepa?

Inunso ana, musabisale kumbuyo kwa andale. Makolo anu ali ndi pakamwa. Akadali ndi nzeru zawo, akuyenda okha, simuwafunsa kanthu, ati kulankhula za imfa n'kuitana imfa. Chibwana cha mchombo lende! Dokotala akangoti tiyeni tikambirane, mwamutenga ngati mdani. Amene sanaonekeko chaka chonse ndi amene amafika tsiku lomaliza ndi ukali, kulamula kuti aikidwe pa makina, achite zonse, pofuna kuphimba manyazi ake, pamene amene wakhala akuwasambitsa ndi kuwatembenuza usiku sapatsidwa mpata woyankhula. Thupi limene likubayidwa majakisoni ndi lanu? Nthiti zimene zimathyoka potsitsimutsa mtima wa nkhalamba yofooka ndi zanu? Ngati bambo anu akufuna kulimbana mpaka mpweya womaliza, ndi ufulu wawo, ndipo athandizidwe. Ngati atopa ndipo akufuna kukagona pabedi lawo, ndi ufulu wawonso. Koma mudziwa bwanji osawafunsa? Akhazikeni pansi, alembe zofuna zawo, asankhe wowayankhulira, dokotala wawo adziwe.

Ndipo inu andale a mbali zonse, ngati m'bajeti yanu mulibe ndalama ya mankhwala oletsa ululu, ya anamwino ndi ya osamalira odwala kunyumba, tsekani pakamwa pa nkhani ya imfa za makolo a eni. Mwaonjeza. Manyazi mulibe?