Tonse tili pa scan, woitana ndani?

Anzanga a mawailesi a amateur, olankhulirana ngati chosangalatsa chabe, makamaka inu amene mwangotenga kumene layisensi ku MACRA, ndili ndi mawu pa nkhani ya batani la scan. Dandaulo lomwe lafala pakati pathu ndi lakuti pa bandi ya 2 mita palibe anthu. Munthu amayatsa wailesi, n'kuisiya pa scan madzulo onse, osamva ngakhale kutsokomola, kenako n'kuiponya m'kabati. Ine ndikukana. Anthu a 7Q, zilembo zoyambira callsign (dzina la pa wailesi) ya aliyense wa ku Malawi, ndife ochepa, zoona, koma tilipo. Chikutipha n'chakuti aliyense ali phee kunyumba kwake, manambala akungothamanga pagalasi, ngati kwaya yomwe aliyense akudikira mnzake kuti ayambitse nyimbo.

Taonani mmene scan imagwirira ntchito. Wailesi imaima pa frequency imodzi kwa kanthawi kochepetsetsa, n'kuona ngati pali chotsegula squelch, chotsekera phokoso chomwe chimasunga sipika ili chete mpaka patafika mawu amphamvu mokwanira. Pakapanda kanthu imadumphira patsogolo. Kuno kwathu, monga ku Africa konse ndi ku Ulaya, bandi ya 2 mita imayambira pa 144 kulekezera pa 146 MHz. Mukaika sitepe, mpata womwe wailesi imadumpha nthawi iliyonse, pa 12.5 kHz, ndiye kuti pali malo 160 oti wailesi iwayendere. Baofeng UV-5R, yomwe ambirife tili nayo chifukwa cha kutsika mtengo, ndi yaulesi pa scan, imayendera malo pafupifupi atatu pa sekondi. Kuti izungulire bandi yonse pamapita pafupifupi mphindi yathunthu. Wina akasiya sitepe pa 5 kHz, malowo amafika 400, ndipo mphindi ziwiri zimadutsa isanabwerere pomwe inayambira.

Ndiye mnzathu wina wa ku Chilomoni adine batani lolankhulira, atchule callsign yake kamodzi mwamanyazi, masekondi anayi, n'kusiya. Wailesi yanu nthawi imeneyo ili kutali, ikufufuza kumunsi kwa bandi komwe kulibe aliyense. Iye akuti kulibe anthu, inunso mukuti kulibe anthu, chonsecho nonse munali pomwepo.

N'chifukwa chake ndimati siyani kusesa bandi yonse, gwiritsani ntchito scan ya memory, yoyendera matchanelo okhawo amene mwasunga m'wailesi, ndipo matchanelo akhale owerengeka. Muikemo 145.500, yomwe ndi yoitanirana pa FM kuno ku Africa ndi ku Ulaya, 433.500 ya pa 70 sentimita, repeater (siteshoni yolandira mawu n'kuwaulutsanso kuti afike kutali) ngati ilipo yomwe mumaifikira, ndi matchanelo awiri kapena atatu omwe mumasamukirako mukapezana. Ine ndimaonjezerapo 145.800, pomwe International Space Station imamvekera ikamadutsa kumwamba kwathu. Sichedwa, mphindi khumi zokha yalowa, choncho scan yaifupi ndiyo ingaigwire. Matchanelo asanu ndi atatu wailesi imawamaliza m'masekondi atatu. Pamenepo ngakhale wamanyazi uja mumupeza.

Chomwe chimandiwawa ndi kuona UV-5R itadzazidwa matchanelo onse 128 ndi mndandanda wotengedwa pa intaneti, wolowetsedwa ndi pulogalamu ya pakompyuta ya CHIRP osauwerenga n'komwe. Yambiri mwa mindandanda imeneyi ndi ya ku America, komwe bandi yawo imafika 148 MHz ndipo amaitanirana pa 146.520. Kuno frequency imeneyo ili kunja kwa malire athu. Wailesi ikutaya nthawi kufunafuna ma repeater a ku Texas ili pa Ndirande, ndipo tsiku lina mwini wake adzadina batani lolankhulira pamalo pomwe layisensi yake simulola. Pajatu kawailesi kameneka kamamva kuyambira 136 mpaka 174 MHz, ndipo m'menemo muli anthu ena antchito zawo. Kuwamva sikukupatsani chilolezo choti muwayankhe.

Palinso menyu ya SC-REV yomwe ambiri saikhudza, youza wailesi chochita scan ikapeza mawu. Ikakhala pa TO, wailesi imaima masekondi pafupifupi asanu n'kupitirira, ngakhale munthu ali pakati pa chiganizo. Mwamva theka la callsign, basi yapita. Pa SE imaimiratu pa chilichonse chomwe yapeza, ngakhale phokoso, ndipo simuzindikira kuti scan inatha kalekale. Ine ndimasankha CO, chifukwa imakhala pomwepo mpaka wolankhulayo atasiya batani.

Za squelch ndiye tizikambirana moona mtima, poti nyumba zathu zadzaza phokoso. Magetsi akangothima, inverter iyake, mababu a LED otchipa aja ayake, tchaja ya foni ilumikizidwe, mudzaona kanyali kobiriwira kakuyaka pa tchanelo chimodzimodzi chomwecho, sipika ikungoti shiii, wopanda munthu. Ambiri amathamangira kukweza squelch mpaka 9. Phokoso limathadi, koma limapita limodzi ndi mnzathu wa kuseri kwa phiri yemwe mawu ake amafika movutikira. Chotsani tchanelo chaphokosocho pa scan, kapena sunthani wailesi italikirane ndi inverter, squelch ikhale pansi. Ndipo pa tchanelo choitanirana musaike toni ya CTCSS kumbali yolandirira, poti sipika imatsegukira okhawo otumiza toni yomweyo, mudzatsekera kunja aliyense amene sakuidziwa toniyo.

Pa mabandi a HF, ofika kutali aja, sinditaya mawu ambiri. Pa 40 mita mawu a SSB, njira yolankhulirana yosiyana ndi FM, amakwera n'kutsika pakati pa mkokomo, scan imawadumpha. Kumeneko zungulizani ndi dzanja, khutu ligwire ntchito.

Wina anena kuti ndikulimbikira zamasewera. Kumbukirani Namondwe Freddy mu Malichi 2023, mmene matope anatsikira m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, misewu ya ku Mulanje ndi Phalombe itaduka, magetsi kulibe, mafoni m'madera ena osagwira. Pa tsiku lotere munthu wokhala ndi wailesi ya m'manja, batire ili pafupi kutha, sangaitane kakhumi. Aitana kawiri kapena katatu. Ngati mawailesi athu akuyendayenda m'matchanelo 128 achabechabe, squelch ili pa 9, munthuyo sitimumva. Chizolowezi chomvana timachipanga lero kuli bata.

Pempho langa ndi ili. Mukamaitana, itanani motalika: tchulani callsign yanu katatu momveka bwino, nenani dera lomwe muli ndi frequency yomwe mulipo, kuti scan ya mnzanu ipeze nthawi yokugwirani. Dikirani theka la mphindi, mubwerezenso. Mukamva wina akuitana, muyankheni ngakhale mulibe nkhani, mumuuze chabe mmene akumvekera ndi komwe mwamumvera. Ndipo tigwirizane nthawi imodzi, kaya 7 koloko madzulo pa 145.500, yoti aliyense aimitse scan, atenge wailesi m'manja n'kulankhula. Amene nthawi imeneyi siyikukuyenderani, nenani ina tikambirane.