Amayi inu, lekani kuwotcha khungu la kumaliseche!

Sabata yathayi ndamva za mayi wina wazaka zoposa 50 amene wakhala akumva kuyabwa kumaliseche chaka chathunthu. Anzake akuti ndi mauka, akadulidwe ndi lezala. Wadulidwa. Kenako Dettol, mchere, mandimu. Pofika kuchipatala khungu litayera mbuu, long'ambikang'ambika, pokodza misozi ili mbwembwembwe. Kodi nzeru zinapita kuti?

Khungu la kumeneko ndi lofewa ngati chikope. Inu mungathire Dettol m'diso? Nanga sopo wonunkhira, pafyumu, zitsamba zoumitsa njira kuti bambo asangalale, mukuziikiranji? Zimenezo ndiye zikukutupitsani. Mukamva kuyabwa mukuwonjezanso sopo, mukukanda usiku wonse, khungu n'kukhuthala ngati chikopa, kuyabwa n'kukula. Sambani kunja kokha ndi madzi ofunda, kamodzi patsiku. Pukutani mosakhula, pakani Vaseline wopanda fungo, valani panti wa thonje wouma bwino, osati nayiloni wothina.

Ndipo si kuyabwa konse kumene kuli kwa fangasi. Fangasi amabwera ndi chikazi choyera ngati chambiko, ndipo amatha ndi clotrimazole woika kunjira, wa 100mg masiku 6 pogona. Akamabwererabwerera, kayezetseni shuga ndi HIV, osamangogula mankhwala pagolosale. Wosamba kapena kuchapa kunyanja ndi m'madambo atchulenso likodzo kwa adokotala.

Koma khungu likayera, n'kupyapyala ngati pepala, kuyabwa kukamakula usiku, makamaka kwa amayi osiya kusamba ndi atsikana osatha msinkhu, nthawi zambiri amakhala matenda otchedwa lichen sclerosus. Sapatsirana pogonana, musamanamizire amuna anu. Mankhwala ake ndi clobetasol wa 0.05%, wolembedwa ndi adokotala: pang'ono kunsonga ya chala, kamodzi patsiku mwezi woyamba, kudumphitsa tsiku mwezi wachiwiri, kawiri pasabata mwezi wachitatu. Chubu cha magalamu 30 chimakwana miyezi itatu yonseyo. Mukawalekerera matendawa, milomo ya maliseche imamatana, khomo limachepa, ndipo ena amafika pa khansa.

Tsono musamve clobetasol n'kuthamangira mafuta oyeretsa nkhope a pamsika aja poti ena amakhala ndi clobetasol yemweyo! Mukawapaka pa fangasi kapena pa mabomu, ndiye mwathira palafini pamoto.

Chilonda chosapola masabata awiri, chotupa cholimba, kapena kutuluka magazi, n'zofunika kuti namwino aone ndi maso. Mukuchita manyazi ndi namwino, koma kwa mayi wa lezala ya dzimbiri mukuvula osazengereza? Manyazi ake ati amenewo?