Kafani ka kompyuta kandisowetsa mtendere

Chiwonjezereni liwiro la purosesa (ubongo wa kompyuta) mu BIOS, momwe timasinthira kagwiridwe ntchito ka zida za kompyuta, kafani kamene kanabwera nayo m'bokosi kakumalira ngati chigayo. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Kasungu, ndikangoyamba kukonza mavidiyo a maukwati usiku, purosesa imafika madigiri 95 n'kudzichepetsera yokha liwiro. Mayi a kunyumba amachita kudzuka ndi phokosolo, ntchito ya eni ake osatha.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe kukafuna fani ina yoziziritsira purosesa. Mashopu atatu, yankho limodzimodzi: “Bwana, iyi ndi yamphamvu, taonani magetsi akewa.” Magetsi amaziziritsa chiyani? Ndikafunsa kuti ili ndi mapaipi angati ochotsa kutentha, kapena fani yake ndi ya mamilimita angati, mnyamata amangotembenuza bokosi uku ndi uku. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa ndalama timazipeza movutikira.

Chomwe ndikufuna si chachilendo ayi. Mapaipi 6, fani ya mamilimita 120 kapena 140, ya mapini anayi kuti izithamanga pokhapokha kwatentha. Fani yaikulu imakankha mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake siisokosa.

Fani ya Noctua NH-D15 ndimaisirira, koma thumba silikulola, komanso ndi yaitali mamilimita 165 pomwe bokosi la kompyuta yanga limathera pa 160. Thermalright Peerless Assassin 120 SE ndi ya 155, ingakwane bwinobwino, mtengonso ndi wabwino. Koma kuitanitsa kunja ndiye msonkho, ndalama yotumizira, kudikira masabata. Pakadali pano ndangopukuta fumbi, ndapaka thermal paste watsopano (kaphala kothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa), liwiro ndalibweza pakale.