Damu la Vaal si nyanja ya kwathu

Abale ndakwiya ndipo sindibisa. Lero m'mawa pa yadi pathu pano ku Rosettenville mu Joni ndapeza m'bale wathu wina, wakumudzi komweko, akutsuka galimoto, payipi waiponya pansi madzi akungoyenderera mpaka pa geti iye ali pa foni. Ndati achimwene tatsekani mpopiwo, akuti "aaa mayi musadandaule, Vaal ndi yodzadza, ndi nyanjatu ija." Nyanja?? Munthu wobadwira ku Nkhotakota n'kumatchula damu kuti nyanja?

Vaal si nyanja. Ndi mtsinje umene anthu anautchinga ndi khoma mu 1938 pafupi ndi Deneysville, madzi n'kubwerera m'mbuyo kumiza madambo, basi. Inde ukaima m'mbali mwake maso amakunamiza chifukwa ndi lotambalala, pafupifupi masikweya kilomita 320, lakhudza Gauteng, Free State ndi Mpumalanga, chilumba chilinso momwemo, koma ndi chiwaya chabe, chachikulu pakamwa pansi palibe, ndipo dzuwa limamwa madziwo tsiku ndi tsiku. Nyanja yathu imapitirira masikweya kilomita 29,000, kumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Vaal pozama penipeni safika ngakhale mamita 60. Nde mukufanizira chani ndi chani?

Mwaiwala 2016? Damu lomweli linaphwa kutsala pang'ono kufika pa kota, mpaka anachita kutsegulira madzi a ku damu lina la Sterkfontein kuti litsitsimuke. Nyanja ya Malawi munaionapo liti ikupemphedwa madzi kwina? Komanso madzi mukutayawo ena si a mtsinje wa Vaal n'komwe, amachokera kumapiri a Lesotho ku damu la Katse, adutse pansi pa mapiri atulukire cha ku Clarens, alowe mu mtsinje wa Wilge, ndiye afike mu Vaal. Akatero achite kupopedwa kukwezeka chitunda chifukwa Joni ili pamwamba, ilibe mtsinje waukulu, anaimanga pa golide osati pa madzi. Ulendo wonsewo kuti adzathere pa matayala a galimoto yanu inu muli pa WhatsApp!

Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Kaya ndi mvula yavuta kaya anthu tachuluka, damu ndi damu, limadzadza lero mawa laphwa. Si nyanja. Ndikubwerezanso, SI NYANJA.

Ndipo chimandiwawa kwambiri n'choti tsiku limene mipopi yauma, omwewa ndi amene amayamba kugogoda pa chitseko changa ndi chigubu, "mayi tagawireniko pang'ono a nsima." Ine wodzuka 4 koloko kutunga m'ndowa, wosambira madzi theka kuti otsalawo ndithire ku toileti. Bilu ikabwera landilodi amagawa mofanana zitseko zonse, ine wopanda ngakhale njinga ndizilipirira galimoto ya munthu.